Lero zagwirana popanda sync

Abale anga, lero ndalumikiza nyimbo ziwiri osadina batani la sync, lija limafananitsa lokha liwiro la nyimbo! Miyezi itatu ndili m'kachipinda kanga kuno ku Chilenje kuphunzira u-DJ, controller (makina osakanizira nyimbo) yobwereka pampando, hedifoni kukhutu limodzi. Chinkandisokoneza n'kuwerenga mabiti (kugunda kwa nyimbo) mpaka 32, kenako kulowetsa nyimbo inayo pa biti loyamba. Ukachedwa pang'ono, ng'oma zimamveka ngati amayi awiri akusinja mumtondo umodzi mosemphana.

Poyamba ndinkakakamiza nyimbo ya amapiano ya 112 BPM (mabiti 112 pa miniti) kuti ithamangire ya house ya 124, woimbayo n'kumalira ngati mwana. Pano ndimasankha zoyandikana liwiro, n'kumakankha jog wheel (gudumu la pa controller lofulumizitsa kapena kuchedwetsa nyimbo) pang'onopang'ono.

Oyandikana nane, pepani phokoso. Amayi eni nyumba akuti Loweruka ndikaimbe pa kitchen party ya mwana wawo. Mtima uli phaphapha.