Musanalandire makiyi, kaoneni kaye mita ya madzi

Nyumba ya lendi ndaipeza, katundu ali m'kati, koma nkhani ya mita ya madzi ikundiwawabe, ndiye ndiyambira pomwepo. Tsiku lolandira makiyi, imani pa mita pamodzi ndi eni nyumba, muwerenge manambala, muwajambule pa foni, muwalembenso papepala lomwe nonse awiri musainire. Akuonetseni bilu yomaliza ndi lisiti lake. Ine sindinachite zimenezi, ndipo sabata isanathe mpope unauma chifukwa cha ngongole ya amene anatuluka m'nyumbamo.

Ku ofesi ya madzi ndi kumene tsiku lathunthu linapita pachabe. Mzere wautali, kufika kutsogolo n'kundiuza kuti akaunti ili m'dzina la eni nyumba, wobwereka sangakonze chilichonse popanda kalata yawo ndi chiphaso chawo. Kubwerera. Mawa lake ndi pamene ndinadziwa kuti salumikiza mpaka ngongole yakale ithe, kuphatikizapo ndalama ina yolumikiziranso. Madzi amene sindinamwe! Ngati zakugwerani, lipirani pokhapokha eni nyumba atalemba kuti ndalamayo ichotsedwa pa lendi, ndipo lisiti musunge inu.

Za kafunidwe ka nyumba. M'tauni yaing'ono nyumba zabwino zambiri sizifika n'komwe pa Facebook, zimathera pakamwa. Uzani anzanu akuntchito ndi aliyense wokhala dera lomwe mukulifuna, ndipo yendani wapansi kumapeto kwa mwezi, nthawi yomwe anthu amasamuka. Maejenti alipo othandiza, koma funsani poyamba penipeni kuti amalandira zingati, kwa ndani, komanso liti. Ena amafuna ndalama yongokuonetsani nyumba, ena gawo la lendi ya mwezi umodzi kapena yonse. Musatumize kalikonse musanalowe m'nyumbamo ndi kukumana ndi mwini wake maso ndi maso, chifukwa alipo omwe amatolera dipoziti kwa anthu angapo pa nyumba yomwe si yawo.

Ndalama yolowera imaposa kwambiri lendi yomwe mwauzidwa. Pali lendi ya mwezi woyamba, dipoziti yomwe kawirikawiri imafanana ndi lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri, ya ejenti, ya galimoto yonyamula katundu, kenako tizinthu todya ndalama mwakachetechete: maloko atsopano, mababu, makatani. Mukaphatikiza, mupeza kuti mukufunika ndalama yokwana lendi ya miyezi 3 kapena 4 m'manja. Lendi ya pamwezi isapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu a malipiro anu, ndipo nyumba yotchipa yakutali muiwerengere limodzi ndi thiransipoti ya masiku onse a ntchito. Nthawi zina yapafupi yodulayo ndi yomwe imapulumutsa.

Ndaiwala, pa mita pomwepo pali china. Tsekani mipope yonse ya m'nyumba, mudikire mphindi 10, muonenso manambala. Ngati asuntha, penapake pakutayika madzi, mwina paipi ya pansi kapena thanki ya chimbudzi yomwe sikutseka bwino, ndipo bilu imeneyo idzakhala yanu. Ngati mita ndi imodzi pa mabanja angapo, funsani kagawidwe kake: pa khomo kapena pa mutu wa munthu? Mikangano yambiri ya anthu a mpanda umodzi imayambira apa. Magetsinso chimodzimodzi, dziwani ngati ndi ogula mayunitsi kapena a bilu.

Nyumbayo muione kawiri, m'mawa kuti mudziwe mphamvu ya madzi pamene aliyense akusamba, ndi madzulo kuti mumve phokoso ndi kuona ngati njira ili ndi kuwala. Tengani tchaja, muyese soketi iliyonse. Yang'anani kudenga: mabanga achikasu ndiye kuti mvula imalowa, ngakhale akuuzeni kuti anakonza. Penti yatsopano pa khoma limodzi lokha ndimaikayikira, nthawi zambiri imabisa chinyontho. Gujumulani chimbudzi, tsegulani ndi kutseka zenera lililonse.

Mgwirizano ukhale wolemba, ngakhale tsamba limodzi. Unene tsiku lolipira, masiku a notisi mbali zonse ziwiri, amene akonza zikawonongeka, nthawi yomwe lendi ingakwere, ndi zomwe zingachotsedwe pa dipoziti. Jambulani ming'alu ndi matailosi osweka musanalowetse mpando ndi umodzi womwe, muwatumizire eni nyumba tsiku lomwelo kuti deti ioneke. Ndipo pa pepala lomwelo, pansi pa siginecha, lembani manambala a mita ya madzi aja.