Sabata ya mphutsi za m'mphuno mu labotale

Lolemba tinalandira mitu ya mbuzi kuchokera kwa opha nyama a ku Lunzu. Mutu umachekedwa ndi sowo pakati penipeni, kudutsa pakati pa nyanga, kuti mphako zonse za mphuno zionekere. Mphutsi zokhwima za ntchentche yotchedwa Oestrus ovis zimabisala mkati, kufupi ndi tsinde la nyanga. Zongobadwa kumene n'zotalika milimita imodzi basi ndipo zimasowa m'mamina, poti ntchentcheyi siikira mazira, imasiya timphutsi tamoyo pakhomo pa mphuno.

Lachiwiri mphutsi zitatu zinaonongeka chifukwa zinaponyedwa mu sipiriti zili moyo, zinakwinyika n'kuda. Mphutsi imayenera kuphedwa kaye m'madzi otentha a madigiri 80 kwa masekondi 30 kuti iwongoke, kenako isungidwe mu ethanol wa 70%.

Ntchito yeniyeni inali Lachitatu ndi Lachinayi. Mphutsi imabooledwa ndi singano n'kugonekedwa m'mankhwala osungunula mnofu otchedwa KOH (potassium hydroxide) a 10% kuti zam'kati zisungunuke, patsale khungu loonekera. Ikakhalitsamo, minga imayezuka moti siwerengeka. Chakumatako chimadulidwa n'kuyalidwa chafulati pagalasi, chifukwa mtundu wa mphutsi umadziwikira kumeneko. Pa maikulosikopu, ya mbuzi imaonetsa timbale tiwiri takuda topumira, todzaza timabowo, tili ndi kadontho pakati. Kukamwa kuli ngowe ziwiri zakuda zokolekera, minga ing'onoing'ono ili m'mizere kumimba, pomwe kumsana n'kosalala, kwa mikwingwirima yakuda.

Ngamila sitiweta kuno, koma ophunzira amayenera kudziwa mbale wake wa mphutsiyi, Cephalopina titillator, yemwe amakhala kuseri kwa mphuno ya ngamila, chakukhosi. Iyo imafika mamilimita 35, ndipo thupi lake lazunguliridwa ndi tinyanga tamnofu tosongoka, tooneka ngakhale popanda makina. Timbale take topumira tinalowa m'dzenje, wodula mwaphuma amangotiphwanya. Zonse ziwiri zikakhwima chiweto chimaziyetsemulira pansi, n'kukasandukira ntchentche m'dothi.

Lachisanu panabwera funso la mbuzi yoyenda mozungulira. Yoyetsemula ndi kutuluka mamina olimba imachira ndi jakisoni wopha mphutsizi wotchedwa ivermectin, mamiligalamu 0.2 pa kilogalamu iliyonse. Koma yozungulira kawirikawiri imakhala ndi chotupa cha madzi mu ubongo, chochokera ku nyongolotsi za agalu, ndipo jakisoni ameneyu sachikhudza n'komwe. Mwini wake tinamuuza kuti mitu yotere asamaponyere agalu.