Sabata yachitatu: phiko la Pegasus lakhazikika tsopano

Lamulungu lapitali ndinamata phiko lachitatu pa Pegasus wanga, kachifanizo ka roketi, ndipo ili ndiye lagwira. Awiri oyamba anali a katoni. Loyamba linafewa ndi chinyezi, lachiwiri linakhotera mbali imodzi guluu atauma. Ulendo uno ndadula kathabwa kopyapyala, n'kukapala ndi sandipepa mpaka m'mphepete mwasalala bwinobwino.

Kwa inu amene mwangondipeza kumene: ndikupanga kachifanizo ka roketi ya Pegasus XL, kochepetsedwa ka 20. Yeniyeniyo ndi yotalika mamita 17.6, choncho yanga ikukwana masentimita 88. Thunthu lake ndi paipi yamadzi ya mamilimita 63, ndipo yagwirizana bwino ndi muyeso poti thunthu lenilenilo ndi la mamita 1.27. Phiko, kuchokera nsonga iyi kufika inayo, ndi masentimita 33.5.

Alamu anga atandipeza ndikupala kathabwako anafunsa kuti, "Kodi alamu, roketi n'kukhalanso ndi phiko ngati ndege?" Funso limeneli ndi lomwe landigoneka mochedwa sabata yonse, chifukwa yankho lake ndi mbiri ya kampani yomwe inapanga roketiyi.

Kampaniyo, Orbital Sciences ya ku America, anaiyambitsa mu 1982 anthu atatu omwe anadziwana ku Harvard Business School: David Thompson, Bruce Ferguson ndi Scott Webster. Masiku amenewo mwini setilaiti yaing'ono ankadalira matola. Ankadikira roketi yaikulu ya wina, n'kunyamuka tsiku lomwe mwini ulendo wakonda. Injiniya wawo Antonio Elias ndiye anabwera ndi nzeru yakuti ndege izinyamula roketi mpaka pafupifupi makilomita 12 m'mwamba, komwe mpweya ndi wochepa, kenako n'kuitaya. Roketiyo imagwa chogona kwa masekondi asanu injini isanayake. Phiko lija ndi lomwe limaithandiza kudzutsa mutu kuti iloze kumwamba, ndipo likatha ntchito limagwa pamodzi ndi chigawo choyamba mwa zigawo zake zitatu. Analipanga ndi a Scaled Composites, kampani ya katswiri wopanga ndege Burt Rutan.

Nditamvetsa zimenezi ndinamatula phiko lachiwiri lija osanyinyirika. Silikhala pamenepo ngati chokongoletsa, ndiye silingakhale lokhota.

Ulendo woyamba unachitika pa 5 April 1990, pansi pa phiko la ndege ya B-52 ya NASA yomwe inanyamuka ku Edwards ku California, ndipo setilaiti zomwe roketiyo inanyamula zinafika m'njira yake yozungulira dziko lapansi. Kuyambira 1994 kampaniyi inayamba kugwiritsa ntchito ndege yakeyake ya L-1011 yotchedwa Stargazer. Apa pali chomwe chinandikhudza: XL yomwe ndikupangayi inalephera maulendo ake awiri oyamba, mu 1994 ndi mu 1995, koma sanaisiye. Pofika 1997 anainyamula kuchokera ku Gran Canaria, chilumba cha dziko la Spain, kukaika setilaiti ya dzikolo m'mlengalenga. Roketi yotsatira mwini katundu kwawo! Ine mpaka pano ndimaona kuti imeneyi ndi nzeru yokoma koposa pa zonse zimene kampaniyi inachita.

Zotsatira zake ndingozidutsa mwachangu. Anapanga setilaiti za Orbcomm, kenako roketi yaikulu ya Antares mu 2013 ndi chombo cha Cygnus chopititsa katundu kwa okhala m'mlengalenga. Antares inaphulika ku Wallops, ku America, mu October 2014 itangonyamuka, ili ndi injini zakale zopangidwa ku Soviet Union. Mu 2015 Orbital inaphatikizana ndi kampani ya ATK, ndipo mu 2018 kampani ya Northrop Grumman inagula zonse. Zimandipweteka kuti dzina linathera pamenepo, choncho pa thunthu langa ndilembapo Orbital.

Chatsala ndi zipsepse zitatu zakumchira ndi mphuno. Mphuno ndiyesa kusema pa mtengo wofewa chifukwa mabotolo onse omwe ndayesa ndi osongoka mopitirira. Penti yoyera ndagula kale. Ngati wina mwa inu anapentapo paipi yapulasitiki penti osasupuka, chonde mundiuze zomwe munayamba mwapaka.