Lipoti la Ulendo wa ku Makeni: Jamu wa Nkhuyu

Amayi ndi abambo a gulu lathu la chilimba, losonkherana ndalama, kuno ku Mtendere mu Lusaka, lipoti lija mwakhala mukulifunsa ndi ili. Pamsonkhano wa Disembala tidagwirizana kuti tisamangodalira vitumbuwa ndi masikono, ndipo anzathu a ku Makeni, omwe ali ndi mitengo ya nkhuyu zachizungu pamunda pawo, adatiitana kuti tikaone ndi maso momwe amaphikira jamu. Tidapita Loweruka lina m'mwezi wa Januwale, nthawi yomwe nkhuyu zimapsa mothamangitsana. Inu amene simudathe kubwera, sungani miyezo ili m'lipotili, chifukwa ndi yomweyi tidzatsate tikayamba kuphika patokha.

Tidanyamuka mamawa pa minibasi titanyamula shuga makilogalamu 10, mandimu a kumsika wa Soweto, mapoto awiri ndi mabotolo m'makatoni. M'tauni ndi mu Kafue Road tidadutsa bwino. Vuto lidayamba titasiya tala wa Makeni Road n'kulowa msewu wa dothi, pomwe mvula ya usiku idasiya chithaphwi chodzaza msewu wonse. Adalaivala adati n'chosaya, adalowa, matayala akumbuyo n'kumangozungulira pamalo amodzi. Popeza nkhaniyi ikukambidwabe mosiyanasiyana, ndilembe pano kuti ithe: palibe wa m'gulu amene adalamula adalaivala kuti alowe m'madzi. Bambo wachiwiri kwa wapampando adangoti "mwina tidutsa," ndipo ndi iwo omwe adayamba kuvula nsapato n'kukankha, matope n'kuwafika m'mawondo. Tonse tidatsika kupatula Agogo a ku Katete, omwe adati, "Ana inu, ine nditsikira pakhomo pomwe ndalipirira," ndipo adatsikiradi pakhomo. Mayi msungichuma adakulunga thumba la shuga m'pulasitiki, chitenje pamwamba, n'kusenza mpaka kumunda, akuti ndalama za gulu sizinyowa iwo ali moyo. Katoni imodzi idaikidwa pansi ponyowa, pansi pake padafumbwa, ndipo poinyamula mabotolo anayi adapulumuka n'kusweka. Mabotolo tizinyamulira m'kreti kapena m'ndowa. Anyamata a pamunda woyandikana adabwera ndi makasu ndi nthambi, minibasi idatuluka.

Mayi wapampando wa gulu la ku Makeni adatilandira ndi tiyi, kenaka adatitengera kumitengo dzuwa lisanakwere. Ambiri a ife tidakulira pansi pa mkuyu wakutchire, ndiye amake mapasa adafunsa msanga ngati izi nazonso zili ngati zija za chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Adawang'ambira imodzi: m'kati mofiira, monyezimira, mopanda kachilombo. Komabe lamulo lawo ndi lakuti nkhuyu iliyonse ing'ambidwe isanalowe m'poto, chifukwa nyengo ya mvula madzi ndi tizilombo zimalowera pa kabowo ka kunsi kwake, ndipo nkhuyu yotero imasasa m'kati kunja ikuoneka bwino. Yonunkha ngati mowa, yong'aluka ndi mvula kapena yojompholedwa ndi mbalame, tayani. Imodzi yokha yosasa imamveka m'poto yense.

Nkhuyu sizipsa zikachoka mumtengo, choncho musathyole zaziwisi kuti mukavundike. Yakupsa imagwetsa khosi, imafewa mukaigwira, ndipo pa kaphesi sipatuluka utomoni wambiri. Utomoni woyerawo umayabwa, ndipo ukagwera pakhungu kenaka n'kuwombedwa dzuwa umatha kutulutsa matuza. Othyola azivala zamanja aatali ndi kusamba m'manja ndi sopo akangomaliza. Pa nkhuyu zinayi zakupsa bwino, anzathuwo amaikapo imodzi yongoyamba kumene kufewa, chifukwa yotereyi ndi yomwe imathandiza jamu kugwirana. Zothyola m'mawa ziphikidwe tsiku lomwelo. Zikagona kunja kwa firiji m'nyengo ino, mawa lake zayamba kale kuchita thovu.

Muyezo wake nawu, ndipo tiziyeza pasikelo titachotsa kale timapesi. Pa kilogalamu imodzi ya nkhuyu pamafunika magalamu 750 a shuga woyera, mamililita 60 a madzi a mandimu, omwe ndi masipuni aakulu anayi, ndi theka la kapu ya madzi akumwa. Musawerenge mandimu kuti awiri kapena atatu. A mu Januwale ambiri ndi obiriwira, madzi ake ochepa, ndipo ife tidafinya ambiri ndithu kuti muyezo ukwane. Njere za mandimuwo ndi zoyera za m'kati mwa khungu lake musataye: zimangeni m'kansalu koyera, ziwire limodzi ndi nkhuyu, mudzavuule pomaliza. Muyezo umenewu umadzaza mabotolo pafupifupi anayi a mamililita 250.

Pa mandimu a Sisita athu, anamwino aja, adaimirira n'kulankhula ngati ali kuchipatala, ndipo ndikugwirizana nawo kwathunthu. Nkhuyu zilibe kuwawasa kokwanira, kusiyana ndi zipatso zina zambiri. Popanda mandimu jamu sagwirana bwino, shuga amabwerera n'kuuma timibulu m'botolo, ndipo choopsa kwambiri, tizilombo toyambitsa matenda timatha kukhala m'botolo lotseka lomwe mulibe kuwawasa kokwanira. Wina akati tichepetse mandimu poti adula, mumuuze kuti kuli bwino achepetse nkhuyu. Shuganso sachepetsedwa mwachisawawa. Ndiye amasunga jamu, ndipo jamu wopsa bwino amakhala ndi shuga pafupifupi magawo 65 pa 100 alionse. Wochepa shuga ndi wa m'firiji, wodya masabata ochepa, osati wogulitsa pathebulo.

Tidagawikana magulu awiri, gulu lililonse mbaula yake, poto wake ndi makilogalamu awiri a nkhuyu zodula panayi. Poto akhale wotambalala, wa pansi pochindikala, ndipo zonse zikalowa asapitirire theka, chifukwa jamu akawira amakwera ndi kuthovoka. Osapitirira makilogalamu awiri pa poto mmodzi: wambiri amachedwa kuphwa, amada, ndipo fungo la nkhuyu limathawa. Mthiko ukhale watsopano, wa jamu yekha, chifukwa wa kukhitchini umabwera ndi fungo la kapenta ndi anyezi.

Choyamba nkhuyu ziphikidwe ndi madzi aja pamoto wochepa, mphindi 10 mpaka 15, mpaka khungu litafewa moti likuphwanyika mukalikanikiza ndi mthiko m'mbali mwa poto. Apa m'pofunika kudekha, chifukwa shuga akangolowa khungu silifewanso. Kenaka thirani shuga ndi madzi a mandimu, moto ukadali wochepa, ndi kutakasa mpaka mthiko utasiya kumva mchenga pansi. Shuga akasungunuka yense ndi pomwe muonjezere malasha kuti jamu abwadamuke mwamphamvu, kuwira kosaleka ngakhale mukutakasa. Kuyambira pamenepo zimatenga mphindi 15 mpaka 25, malinga ndi moto ndi madzi omwe ali m'nkhuyuzo. Za nyengo ya mvula zimachedwerapo. Thovu muyengule kumapeto kamodzi kokha, osati mphindi iliyonse, mungataye jamu wambiri.

Mkangano wa tsikulo udabuka apa. Gulu la Aphunzitsi lidali ndi choyezera kutentha chatsopano, ndipo pafoni padalembedwa kuti jamu amapsa pa madigiri 105. Gulu la Agogo lidatsata eni munda, lidaika timbale tating'ono m'bokosi la ayezi, popeza magetsi adali atapita ndipo firiji sinkazizira. Patapita mphindi ngati 20, mayi wa ku Makeni adaphula poto wa Agogo, adadontheza jamu pakambale kozizira, adadikira mphindi imodzi, n'kukankha ndi chala. Pamwamba padachita makwinya, ndipo njira ya chala idatsala yotseguka osabwererana. Adati wapsa. Nthawi yomweyo choyezera cha Aphunzitsi chinkaonetsa 100, iwo n'kuti sanafike, kwatsala madigiri asanu, chinthu cholembedwa sichinama. Agogo adati maso awo adaphika thobwa choyezera chisanabadwe. Amake mapasa, omwe ndiwo ankatakasa poto wa Aphunzitsi, adadandaula kuti mthiko ukulemera ndipo pansi payamba kugwira. Mawu adakwera mbali zonse ziwiri, ena akuti phulani, ena akuti dikirani, mayi wapampando wathu ali pakati akupempha kuti tizilankhula mmodzimmodzi. Pamene choyezera chimayandikira 105, fungo la kupserera linali litafika kale kukhonde, mtundu utasanduka woderako kwambiri. Atazizira adalimba moti supuni idaima yokha.

Mwana wa eni munda, yemwe amaphunzira za zakudya kukoleji, adatifotokozera mofatsa, ndipo Aphunzitsi ndiwo adayamba kumvetsa. Nambala ya 104 kapena 105 ndi yoona kwa anthu okhala pafupi ndi nyanja yamchere, komwe madzi amawira pa madigiri 100. Lusaka ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,280, ndipo kuno madzi amawira pa madigiri ngati 96. Jamu amapsa akapitirira kuwira kwa madzi ndi madigiri anayi, ndiye kwathu kuno nambala yake ndi pafupifupi 100. Adawiritsa madzi m'kapoto, adaviika choyezera chomwecho, tonse tidaona ndi maso. Ndiye kuti choyezera chidanena zoona pomwe chidafika pa 100, jamu adali atapsa nthawi yofanana ndi wa Agogo. Amene muli ndi choyezera, yambani mwayeza madzi owira tsiku lomwelo, onjezerani 4, kenaka tsimikizani ndi kambale. Ndipo poyesa pakambale poto azikhala ataphulidwa, asamapitirize kuwira inu mukudikira. Wa gulu la Aphunzitsi sitidataye. Tidamudula timabenthu, ana a pamundapo adatha yense, ndipo dzina la "poto wa maswiti" Aphunzitsi alilandira ndi manja awiri, akuti pa Khirisimasi adzaphikanso dala.

Mabotolo adatsukidwa ndi sopo, n'kuwiritsidwa mphindi 15 atamira m'madzi. Kwina amati mphindi 10, koma pamtunda ngati pano timaonjezera chifukwa chomwe chija. Madzi ake akhale otetezedwa, tonse tikukumbukira kolera ya 2023 ndi 2024. Jamu atsike m'botolo lotentha iyenso ali wotentha, atapuma mphindi zisanu zokha kuti zidutswa za nkhuyu zisayandame pamwamba. Botolo lozizira limasweka. Siyani mpata wa theka la sentimita kukamwa, pukutani mlomo wa botolo ndi kansalu koyera konyowa, tsekani, kenaka bwezerani mabotolo odzazawo m'madzi otentha, madzi apitirire pamwamba pa zivindikiro, awire mphindi 10. Pansi pa poto yalani kansalu kuti mabotolo asagunde chitsulo. Akazizira mpaka mawa, chivindikiro chabwino chimalowa m'kati pang'ono ndipo sichilira mukachidina. Cholira, botolo limenelo lidyedwe msanga, lisagulitsidwe. Mabotolo akale a mayonezi amagwira ntchito ngati alibe mng'alu kukamwa, koma zivindikiro zikhale zatsopano, chifukwa mphira wa zakale umakhala utatopa ndipo nkhungu imalowera pamenepo. Lotsekedwa bwino, losungidwa pamdima ndi pozizirirapo, limatha chaka. Likatsegulidwa, la m'firiji, ndipo supuni yolowamo ikhale youma.

Za chakudya cha masana sindingazidumphe. Anzathuwa adatiphera nkhuku zakumudzi, adatiphikira chibwabwa chotendera, bowa wa nyengo ino, ndi nsima ya mgaiwa yomwe adavundula anthu awiri molandizana. Panali chimanga chachiwisi chootcha ndi munkoyo wozizira m'chigubu. Nthutumba idapita kwa Agogo popanda mtsutso. Bambo wachiwiri kwa wapampando adadya atavala chitenje cha eni nyumba, thalauzi lawo likuuma pachingwe, ndipo adapempha kuti chithunzicho chisatuluke m'gulu, tiyeni tiwalemekeze. Adalaivala adapempha bowa kachiwiri ndipo tidawakhululukira za chithaphwi. Pomaliza adabweretsa masikono otentha, tidapaka jamu wa poto wa Agogo. Ndi wofiirira, wowala, tinjere take timalira pang'ono kumano, ndipo ndimu imamveka kumapeto osaposa nkhuyu. Pamphasa padakhala bata kwa kanthawi, kenaka mayi msungichuma adayamba kufunsa mtengo wa mabotolo.

Titadya padali phunziro la zamalonda. Adatiuza kuti dzina la bizinesi limalembetsedwa ku PACRA, bungwe la boma lolembetsa makampani ndi mabizinesi, kuti ogwira chakudya chogulitsa amafunika kupimidwa ndi kukhala ndi zikalata za kukhonsolo, ndiponso kuti ofuna kulowa m'masitolo aakulu amapititsa katundu wawo ku ZABS, bungwe la boma loona za miyezo ya katundu, kuti akayezedwe. Papepala la pabotolo pazilembedwa dzina la chinthu, zomwe zilimo, kulemera kwake, tsiku lophika, tsiku lothera ndi komwe gulu limapezeka. Mlembi adalemba zonse m'buku la gulu.

Tikuthokoza mayi wapampando wa ku Makeni ndi gulu lawo lonse chifukwa cha nkhuyu, malasha, chakudya ndi kuleza mtima pa nthawi ya phokoso lathu lija. Tikuthokoza mwana wawo wa kukoleji, anyamata a makasu omwe adakana ngakhale ya sopo, a Sisita chifukwa chomanga chala cha mtsikana wathu chomwe chidachekedwa ndi botolo losweka, amake mapasa omwe dzanja lawo lidatupa ndi mthiko, ndi mayi msungichuma poti shuga adafika wouma.

Mabotolo omwe tidabwera nawo ali kwa mayi wapampando, ndipo limodzi lidzatsegulidwa pamsonkhano ukubwerawu kuti otsala alawe. Anzathuwo alonjeza kutipatsa timitengo tobzala mu Juni kapena Julayi, mitengo ikayoyola masamba. Kamtengo kakhale kotalika masentimita 20 mpaka 25, konenepa ngati chala, ndipo kabzalidwe mbali yaikulu ili m'dothi, maso awiri okha kunja. Amene muli ndi malo owala dzuwa tsiku lonse, osadikha madzi, komanso otalikirana ndi khoma ndi mapaipi chifukwa mizu ya mkuyu imayenda patali, lembetsani maina kwa mlembi. Pomwe tikudikira mitengo yathu tizigula nkhuyu kwa iwo, ndipo wopita kukatenga anyamule mathireyi osaya, chifukwa m'ndowa zapansi zimaphwanyika zisanafike ku Kafue Roundabout.