Pinki uja anandinamiza

Miyezi yanga yoyamba mu labotale ndinkakonda kwambiri mankhwala a Salkowski, oyezera homoni ya zomera yotchedwa IAA. Umasakaniza ferric chloride ndi asidi wa perchloric, n'kuthira m'madzi amene wafinya ku mizu, n'kuika mumdima kwa theka la ola. Madzi aja amasanduka pinki. Ukawaika mu spectrophotometer, makina oyeza kuchuluka kwa mtundu pogwiritsa ntchito kuwala, pa kuwala kwa 530 nm, nambala imatuluka, ndipo ine ndinkailemba m'kope mokondwa kuti ndapeza IAA wambiri. IAA ndiye auxin wamkulu wa zomera, homoni imene imatalikitsa maselo, kupotolera mphukira kumene kukuchokera kuwala, ndi kuyambitsa mizu.

Mayi amene ankandiphunzitsa ntchito anayang'ana kopelo n'kundifunsa modekha kuti, "Kodi mwayeza IAA, kapena mwayeza chilichonse chokhala ndi indole?" Ndinasowa choyankha. Indole ndi gawo la IAA limene limapezekanso m'zinthu zina. Salkowski amasinthanso mtundu akakumana ndi abale a IAA, monga indole-3-pyruvic acid. Pa mabakiteriya olimidwa m'botolo, amene amatulutsa auxin wambiri, njirayi imathandizako. Koma m'tsamba kapena mu muzu, IAA wosamangika ku chinthu china amakhala wochepa zedi, ma nanogalamu ochepa pa galamu imodzi. Mtundu umene ndinkauona sunali wa IAA yekha.

Kuchepa kumeneku ndiye nkhani yonse ya ntchitoyi. Mu 1926 ku Utrecht, m'dziko la Netherlands, wasayansi Frits Went anadula nsonga za mphukira za oats, kuziika pa agar (chinthu chonga jeli), kenaka n'kukhazika kachidutswa ka agar mbali imodzi ya mphukira yodulidwa mutu. Mphukira inkapindika, iye n'kuyeza kupindikako mu madigiri. Chomera chomwecho ndicho chinali sikelo yake, ndipo mpaka lero nzeru imeneyi imandigwira mtima. Pamene asayansi Kögl ndi Haagen-Smit anapatula IAA mu 1934, anamupeza mu mkodzo wa munthu, osati m'chomera.

Lero timagwiritsa ntchito LC-MS/MS, makina olekanitsa zinthu n'kuzizindikira poona kulemera kwake, koma makinawo sakonza chimene chalakwika pa tebulo. IAA amaonongeka ndi kuwala, ndipo ma enzyme a m'chomera amayamba kumudya ukangodula. Choncho muzu umalowa mu nitrogen wamadzi wa -196 °C nthawi yomweyo, kuuperera mu ufa usanasungunuke, n'kuthira methanol wozizira wa 80%. M'methanol momwemo muyenera kukhala kale muyezo wodziwika wa 13C6-IAA. Ameneyu ndi IAA yemweyo, kungoti ma atomu 6 a kaboni ndi olemera, ndiye amalemera 181 pamene wachilengedwe amalemera 175. Makina amawasiyanitsa awiriwa poona kulemera kumeneku. Chilichonse chotayika posefa ndi poumitsa chimatayika mofanana kwa awiriwa, kotero kuchuluka kwa wina poyerekeza ndi mnzake sikusintha, ndipo ndi pamenepo timawerengera.

Apa ndi pamene ndinalakwa kachiwiri. Tsiku lina ndinaiwala kuthira 13C6-IAA poyamba, ndinathira nditamaliza kusefa, poganiza kuti palibe kanthu. Zotsatira zinatuluka zotsika ndiponso zobalalika, machubu atatu a muzu umodzi osagwirizana. Zimene zinatayika posefa panalibe choziwerengera. Milungu yonse imene ndinalera timbewu ta Arabidopsis, kachomera kakang'ono kochitira kafukufuku, inapita pachabe, ndipo zinandiwawa kwambiri, chifukwa ndinali nditatisamala bwino.

Palinso IAA wambiri womangika ku ma amino acid monga aspartate kapena ku shuga. Ukagwiritsa ntchito mankhwala amphamvu kapena kutentha, amamasuka n'kuoneka ngati anali womasuka kale, nambala n'kukwera mwabodza. N'chifukwa chake ndikamawerenga zotsatira za anzanga ndimayamba ndi gawo lofotokoza mmene anatulutsira homoniyo, ndisanaone ngakhale tebulo limodzi la manambala.

Sabata ino ndikuyeza nsonga za mizu zochepa kwambiri, mamiligalamu 20 pa chubu. Ndakuta machubu onse ndi foil, ndipo 13C6-IAA ndamusakaniza kale m'botolo la methanol dzulo madzulo, ndisanadule muzu ndi umodzi womwe.