Apongozi, thumba la feteleza ndi ma shock anga

Njinga yanga yamoto ndinagula kwa mnyamata wina wa kabaza amene ankanyamulira matumba a mtedza ku Mitundu. Ine ndine munthu wowonda, lamba ndimachita kuboola ndekha kuti thalauza ikhale m'chiuno. Ndiye njinga ija ikangoponda kamwala, ine m'mwamba, kenako pampando khu! Msana unayamba kundiwawa mpaka mayi akunyumba kumandifunsa ngati ndayamba ganyu youmba njerwa mwamseri.

Mnzanga wa kuntchito ndiye anandionetsa pamene panali vuto. Kumunsi kwa sipuling'i iliyonse ya ma shock akumbuyo kuli kachitsulo kozungulira, kokhala ndi timasitepe tisanu. Ukakazunguza n'kukweza sitepe, sipuling'i imafinyika ndipo njinga imadzuka kumbuyoko, siititimira ikasenza katundu. Ukatsitsa, imamvera ngakhale munthu wopepuka. Wa kabaza uja anasiya pa sitepe yachisanu, ya matumba. Pali sipanala yake yokhala ndi ngowe, koma ine ndinalibe, ndiye ndinagogoda ndi sikuludiraiva ndi mwala mpaka mbali zonse ziwiri zinatsikira pa sitepe yoyamba. Abale inu, njinga inasanduka sofa. Mahampu a mumsewu wa ku Bunda ndinkangowamwetulira.

Loweruka lina apongozi anabwera kudzaona mdzukulu wawo. Macheza anakoma, dzuwa n'kupendeka, ndipo mayi akunyumba anangoti, "Abambo ake, mungowaperekeza amayi panjingapa, kwada."

Amene munakulira kwathu kuno mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi akakumana panjira, wina amapatukira kutchire. Tsopano anthu awiri omwewo akhale pampando umodzi? Tinagwirizana mosayang'anana kuti thumba la feteleza la makilogalamu 50, limene tinawagulira, likhale pakati pathu posunga ulemu. Thumba litatenga malo ake, apongozi anakankhikira pa kaliyala, kumbuyo kwenikweni kwa tayala. Ndipo apongozi anga Mulungu sanawamane thupi.

Atangokhala, njinga inabuula. Ndinamva chiwongolero chikupepuka m'manja, tayala lakutsogolo likungokhudza pansi mwamwambo. Za masitepe zija sizinandibwerere n'komwe m'mutu, maganizo onse anali poti msana wanga usadutse malire a thumba.

Pa phula zinkayendako. Titakhotera mumsewu wafumbi, mdima unali utagwa, ndipo ndinayatsa nyali. Nyali ija, poti kumbuyo kwakhala pansi, inaloza kumwamba. Ndinkaona bwinobwino nthambi za mango, zisa za mbalame, ngakhale mileme, koma msewu ayi. Dzenje lililonse ndinkalidziwa titalowamo kale: gu! chitsulo kugunda chitsulo chinzake, apongozi "Mayo!", ine "Pepani amayi," kuyankhulira kutsogolo.

Patapita kanthawi anatsokomola mwaulemu.

"Bambo, kodi m'mitengomu tikufunafunamo chiyani?"

"Palibe, amayi. Nyaliyi imatero usiku."

Anakhala chete. Kenako kunayamba kumveka fungo la labala, pamodzi ndi kaphokoso ka kwee, kwee pa bampu iliyonse. Tayala linali likukhula madigadi. Ine ndinkapemphera kuti mphepo itengere fungolo kumunda kwa eni ake.

"Bambo, pali chimene chikupsa. Ndipo chikupsera pansi pa ine."

Mwamwayi panali kamsika patsogolo, anyamata a kabaza ataima pa golosale ina yoyaka getsi. Nditangoima anatizungulira. Mmodzi anawerama, kuunika ndi foni, n'kuyamba kuseka mpaka kugwira pansi.

"Madala, mwaika pa wani? Amayiwa, thumbali, ndi inuyo, nonse pa wani?"

Apongozi anatsika, njinga n'kudzuka yokha. Mnyamata uja anatulutsa sipanala ya ngowe ija m'thumba la jekete, anakoletsa, ka! ka! ka! ka! mpaka pa faifi, n'kuzungulira mbali inayo. Uku akupotokola, uku akundiphunzitsa pagulu. Akuti mbali zonse zizifanana sitepe, apo ayi njinga imagwedezeka pokhota. Akuti munthu ukakhalapo izititimira pang'ono chabe, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mpata wa shock, kotsalako n'kwa maenje. Ndiponso ukanyamula munthu, tayala lakumbuyo umawonjezera mpweya. Wina anathamangira pampu. Ine ndinangoti "Eya, eya," ngati ndinkadziwa kale koma ndimawayesa.

Zikanathera pomwepo bwenzi zili bwino. Koma mnyamata uja, pofuna kuonetsa ukatswiri, anatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, kuti tiike bwino, mumalemera makilo angati?"

Pamsika ponse panati zii. Ngakhale wootcha chimanga anasiya kukupiza moto. Apongozi anakonza chitenje chawo mosapupuluma, n'kuloza ine ndi mlomo.

"Funsani bambowa. Sikelo ndi yawo, andiyeza kuchokera ku Lilongwe."

Anyamata aja anagwa nako kuseka, ndipo ndalama yanga anakana, akuti alipidwa kale. Thumba analimangirira pa kaliyala, apongozi n'kukhala pampando penipeni, ndipo pakati pathu anaikapo kachikwama kawo kam'manja. Nyali inabwerera pamsewu. Tinafika bwino, osayankhulana.

M'mawa mwake foni ya mayi akunyumba inalira ndili m'bafa. Ndinkangomva kuseka, kenako anagogoda pachitseko.

"Abambo ake, amayi akuti kumudzi konse kwamveka kuti mkamwini wawo amasaka akadzidzi ndi njinga. Akutinso mukawatenge mwezi wamawa, ali ndi matumba awiri a chimanga ndi mbuzi. Ndiye akufunsa ngati sitepe yachisanu ndi chimodzi ilipo."