Mzere wakuda pa membrane sunatiuzebe zonse

Pa zonse zimene tikuphunzira mu labotale kuno ku Harare, nkhani ya ma antibody ndiyo yandigwira mtima. Thupi limawapanga kuti agwire chinthu chachilendo, ndipo asayansi anangobwereka lusolo kuti azipeza puloteni imodzi pakati pa zikwizikwi.

Tikamachita Western blot, njira yofufuzira puloteni imene tikuifuna, timathamangitsa mapuloteni mu gel ndi mphamvu ya magetsi, aang'ono patsogolo, aakulu kutsalira. Kenako timawasamutsira pa membrane, kapepala kapadera kogwira mapuloteni, n'kuiviika mu mkaka waufa wopanda mafuta, 5 peresenti, kuti malo opanda kanthu atsekeke. Antibody yoyamba, nthawi zambiri ya kalulu kapena mbewa, imagona pamenepo usiku wonse pa madigiri 4. M'mawa timatsuka, n'kuthira yachiwiri, monga ya mbuzi yogwira ya kalulu ija, yomangiriridwa ku enzyme yowalitsa. Mzere wakuda wosonyeza pamene antibody yagwira ukatulukira mtima umadumpha ndithu.

Koma apa m'pamene pali nkhani yanga. Mzere ungatuluke pa 42 kDa (muyezo wa kulemera kwa puloteni), pomwe pamakhala puloteni yotchedwa beta-actin, koma mapuloteni olemera chimodzimodzi ndi ambiri. Antibody siwerenga dzina limene lalembedwa pa botolo lake. Imagwira kachigawo kakang'ono ka puloteni, ndipo puloteni ina ikakhala ndi kachigawo kofanana, imagwiranso. Zili ngati kuitana "Banda!" pamsika wa Mbare Musika: wina atembenuka, koma kodi ndi amene mukumufuna? Njira yotsimikizira ndiyo kuyeza maselo amene jini ya puloteniyo inachotsedwa. Mzere ukaonekabe pamenepo, antibodyyo ikunama.

Antibody yotchedwa polyclonal imachokera m'magazi a nyama imene yabayidwa puloteniyo, ndiye botolo la chaka chino likhoza kusiyana ndi la chaka chatha. Ya monoclonal, imene Köhler ndi Milstein anapeza njira yake ku Cambridge mu 1975, imachokera ku mtundu umodzi wa selo ndipo sisinthasintha. Komabe kusasintha sikutanthauza kuti ikugwira choyenera.

Mnzanga wa ku Highfield, dera la mu Harare momwemuno, amene agogo ake anachokera ku Dedza, ndiye anandikumbutsa za malungo tili mu kombi. "Iwe, kachipangizo kamene amayezera mayi ako kumudzi nakonso ndi antibody." Zoonadi: zambiri mwa zipangizo zoyezera malungozi zimafuna puloteni yotchedwa HRP2 ya Plasmodium falciparum, kachilombo koyambitsa malungo. Mu 2010 ku Peru kunapezeka tizilombo topanda jini yake, ndipo Eritrea inasiya kudalira zipangizo zoterezi mu 2016. Antibody ili bwinobwino, koma chimene ikufuna palibe, munthu wodwala n'kumuuza kuti alibe malungo. Zimenezi zimandisowetsa mtendere.

Kabotolo kamodzi ndi kodula, kamachokera kunja kali m'madzi oundana, ndiye amayi oyang'anira labotale yathu amakagawa m'timachubu ting'onoting'ono tsiku lomwelo, kuti tisamasungunule ndi kuumitsanso kameneko kokha. Magetsi akazima, choyamba kuthamangira ndi firiji ya madigiri -20. Pa kachubu kalikonse amalemba ndi dzanja lawo nambala ya botolo ndi tsiku, ndipo salola munthu kuyamba kuyeza asanaonetse control yake, chinthu chodziwika kale chofanizira nacho zotsatira.

Tsopano ndikamawerenga kafukufuku wa ena ndimayamba ndafufuza kuti antibody anagula iti, nambala yake ndi iti, ndipo chithunzi cha maselo opanda puloteniyo chili kuti. Sabata ya mawa tiyamba ELISA, njira inanso yoyezera ndi ma antibody, ndipo mafunso omwewa ndapita nawo kale kwa aphunzitsi.